Mutirikwi, Nyanja ya Nzimbe ndi Nsomba Yacilendo

Kum'mwera kwa dziko la Zimbabwe, mtunda wa makilomita ngati 30 kucokera mu mzinda wa Masvingo, kuli nyanja imene nkhalamba za kumeneko sizinaione zili ana. Inabadwa m'caka ca 1960 pamene anthu anachinga mtsinje wa Mutirikwi ndi cipupa ca simenti pa mpata wopapatiza pakati pa mapiri a miyala. Atsamunda anaicha Lake Kyle, koma dziko litalandira ufulu inapatsidwa dzina la mtsinje umene unaibala. Munthu wocokera ku Lusaka amaoloka Zambezi pa Chirundu, nagona ku Harare ngati ali ndi abale kumeneko, ndipo m'mawa mwake amayendanso makilomita pafupifupi 300 kulowera kum'mwera. Ndi ulendo wothyola msana, motero amene aufuna ayenera kuusankhira nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi kumapeto kwa Ogasiti kufikira mu Seputembala.

Azungu ali nalo dzina la nyengo imeneyi, amaicha spring, ndipo ku maiko ao a kumpoto imagwa mu Marichi kufikira mu Meyi. Ife timadziwa dzinja, masika, cisanu ndi cilimwe, ndipo masabata ocepa amene amakhala pakati pa kuzizira kwa Julaye ndi kutentha kwa Okutobala sitinawapatse dzina laolao. Komabe aliyense amene anakulira kumudzi amawazindikira. Mphepo imaleka kuluma makutu m'mawa, utsi wa lupsa umayamba kuphimba mapiri, ndipo mitengo ya m'thengo imaphukira ngakhale kuti mvula ikali kutali. Ku Mutirikwi mitengo ya msasa ndiyo imalengeza nyengoyi. Masamba ake anthete amatuluka ofiira, ena ngati mkuwa wa ku Migodi, ndipo pakapita masabata ocepa amasanduka obiriwira. Nthawi yomweyo, pansi pa madzi pamene maso saona, nsomba ina yacilendo imayamba kusendera kugombe.

Tisanafike pa nsombayo, owerenga okondedwa, tiyambe tadziwa cimene nyanjayi inamangidwira, pakuti sanaimangire nsomba kapena alendo odzaona malo. Anaimangira nzimbe. Kumunsi kwa mtsinje, ku cigwa cotentha ca Triangle ndi Hippo Valley pafupi ndi Chiredzi, nthaka ndi yabwino koma mvula ndi yosadalirika. Mzungu wina wa ku Scotland, Murray MacDougall, ndiye anayamba kupatutsa madzi a Mutirikwi m'zaka za m'ma 1920, ndipo anchito ake anakhala zaka zambiri akuboola phiri la mwala kuti ngalande idutse. Dzina lake lilipo pa mseu wokhotakhota umene umatsata mbali ina ya nyanjayi. Maina a amene anagwira nyundo ndi mapiki sindinawaone pa cikwangwani ciliconse. Damu itamangidwa minda ya nzimbe inakula kwambiri, ndipo pakati pa amene anapita kukadula nzimbezo panali anthu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi ena a kwathu kuno, moti m'makomboni a kumeneko Cinyanja si cilankhulo cacilendo.

Cipupa ca damuyi ndi cokhota ngati uta, ndipo msana wa utawo unaloza kumadzi. Madzi akamakankha, mphamvu yao imafalikira m'mbali nikathera m'matanthwe a mapiri awiri aja, conco cipupa copyapyala cimatha kugwira nyanja yonse. Ndi cacitali kupitirira mamita 60, ndipo kuyenda pamwamba pake kucoka mbali ina kufika ina ndi mamita ngati 300. Nyanjayi ikadzaza imaphimba masikweya kilomita pafupifupi 90. Kwa ife amene tinazolowera Kariba, amene amapitirira 5,000, limeneli ndi dziwe cabe. Koma Mutirikwi ali ndi ubwino wake. Madzi ake analowa m'makwalala a mapiri ngati zala za dzanja, ndipo paliponse pali tizilumba ta miyala yosanjikizana, ina ikuluikulu ngati nkhokwe, yokhala ngati igubuduka mawa koma yakhala motero kuyambira kalekale. Pafupi ndi cipupa pali kachalichi ka St Andrew, kolowa anthu ngati 12 okha, kamene kanamangidwa pokumbukira mtsikana wina amene anafa pa ngozi ya galimoto. Ku tsidya la kumpoto kuli nkhalango yosungirako nyama kumene kuli zipembere, ndipo makilomita ocepa kucokera kugombe la kum'mwera kuli mabwinja a Great Zimbabwe, malinga a miyala amene anthu akuda anamanga popanda dothi kapena simenti pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi m'ma 1400, amene dziko lonselo linatengako dzina. Alendo ambiri amathera tsiku lao kumeneko. Ena, amene abwera akukoka maboti kumbuyo kwa magalimoto, sayang'anako n'komwe.

Nsomba imene iwo aidzera imachedwa bass, ndipo mtundu umene uli m'nyanja muno ndi uja wa kukamwa kwakukulu. Kwao kwenikweni ndi ku North America, m'mitsinje ndi m'maiwe a kum'mawa ndi pakati pa dzikolo. Msana wake ndi wobiriwira moderako, mimba yoyererako, ndipo m'nthiti muli mzera wakuda wodukizadukiza kucokera kumutu kufika kumcira. Cizindikiro cake cacikulu ndi kamwa: ikatseka, nsagwada ya m'mwamba imapitirira diso, ndipo ikayasamula yaikulu, nkhonya ya munthu imalowamo. Ilibe mano ocititsa mantha. Imabisala pafupi ndi citsa, mwala kapena udzu wa m'madzi, ndipo cakudya cikayandikira imangoyasamula mwadzidzidzi, madzi nalowa pamodzi ndi cakudyaco. Imadya tinsomba, acule, nkhanu, tizilombo, ngakhale tianapiye ta mbalame za m'madzi. Mwacidule, imadya ciliconse cimene cikuyenda ndipo cingakwane m'kamwa mwake.

Inafika ku South Africa m'caka ca 1928, ndipo mu 1932 inaoloka Limpopo nilowa m'dziko limene panthawiyo linali Southern Rhodesia. Amene anaibweretsa sanali ndi njala. Anafuna nsomba yolimbana ndi mbedza, yodumpha pamwamba pa madzi ikakodwa. Caka comweco ca 1932, pa 2 Juni, mlimi wina wacinyamata wa ku Georgia m'dziko la America, George Perry, anagwira bass yolemera makilogalamu 10 ndi pang'ono pa Montgomery Lake, ndipo banja lake linaidya. Panapita zaka 77 kufikira mu 2009 pamene Manabu Kurita wa ku Japan anagwira ina yolingana nayo pa nyanja ya Biwa. Za ku Mutirikwi zambiri ndi za kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo wogwira ya makilogalamu 4 amakhala ndi nkhani yosimba caka conse.

Tsopano tifike pa cimene cimacitika m'nyengo ino. M'miyezi yozizira nsombazi zimakhala pakuya, zaulesi, zikudya pang'ono. Dzuwa likayamba kuwomba kwa nthawi yaitali, madzi osaya amene ali pafupi ndi matanthwe ndiwo amayamba kufunda, ndipo akafika madigiri 16 kapena 18 nsomba zimadziwa kuti nthawi yakwana. Zazikazi, zimene ndizo zimakula kuposa zamphongo, zimasonkhana pamene pansi pa nyanja pamatsetsereka kucoka posaya kupita pakuya, zikudya kwambiri cifukwa mimba zadzaza mazira. Zamphongo ndizo zimatsogola kugombe. Iliyonse imasankha malo a mcenga kapena a timiyala, mozama ngati m'cuuno mwa munthu kapena kupitirirapo pang'ono, makamaka pafupi ndi citsa kapena mwala woichinjiriza mbali imodzi. Pamenepo imasesa ndi mcira wake kufikira matope acoka, nipanga cisa cozungulira cacikulu ngati licero. Yaikazi imabwera, niikira mazira zikwizikwi, nicoka. Nchito yonse yotsala ndi ya yamphongo. Imakupiza madzi ndi zipsepse zake kuti mazira asakwiririke ndi matope, imathamangitsa tinsomba tofuna kuwadya, ndipo mazirawo akaswa patapita masiku atatu kapena asanu, imapitiriza kulonda tiana take timene timayenda pamodzi ngati kamtambo kakuda. Masiku onsewa imadya pang'ono kwambiri. Kukabwera mphepo yozizira kwa masiku awiri kapena atatu, madzi nazizira, zisa zina zimasiyidwa ndipo nchito imayambikanso.

Amene anawedzapo ku Luangwa kapena ku Kafue angadabwe kuona m'mene asodzi a bass amacitira. Amanyamuka kusanace, anthu awiri m'boti limodzi la injini yamphamvu, ndipo akayandikira malo amazimitsa injiniyo nayendetsa boti ndi kainjini kena ka batire kosacita phokoso. Ambiri ali ndi kamakina koonetsa pansi pa madzi pa galasi ngati la televizioni. Savutika kukumba nyongolotsi kudambo. Nyambo zao ndi zabodza zokhazokha: tinsomba ta mtengo kapena ta pulasitiki, timasupuni tonyezimira tozungulira m'madzi, acule a labala, ndi nyongolotsi za pulasitiki zofewa za mitundu yonse. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Msodzi wina wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema kansomba kake koyamba mu 1936 nakakuta ndi pepala lonyezimira, ataona kuti nsomba zikuluzikulu zimasankha kansomba kamene kakusambira mopunduka. Lero dzina lake lili pa nyambo zogulitsidwa pa dziko lonse. Nyongolotsi ya pulasitiki anaipanga Nick Creme wa ku Ohio mu 1949. Msodzi amaponya nyambo pafupi ndi citsa, naisiya kuti imire, naigwedeza pang'ono, nadikira, nakoka, naponyanso. Amatha kucita zimenezi kambirimbiri dzuwa lisanafike pamutu. Luso lagona pa kumva ndi zala kagugu kakang'ono pa cingwe, kusiyanitsa mwala ndi kamwa la nsomba. Ikakodwa imathamangira kucitsa kuti ikakole cingwe, kapena imatumphuka m'madzi, kamwa yasa, ikupukusa mutu kuti mbedza iguluke. Kadumphidwe kameneka ndiko kamene anthu amaonongera ndalama zambiri cotere, ndipo nditakaona ndi maso anga ndinaleka kuwaseka.

Koma pali kawedzedwe kena ka nyengo ino kamene mtima wanga sunakondwere nako. Madzi a Seputembala amakhala oyera cifukwa mvula sinawavundule, ndipo munthu wovala magalasi ocotsa kunyezimira kwa madzi amatha kuona cisa ndi mlonda wake ali pomwepo. Amaponya nyambo m'cisa momwemo. Nsombayo siluma cifukwa ca njala. Imatola cinthuco kuti icicotse pa mazira ake, ndipo potero imakodwa. Ngakhale aibweze m'madzi, pa mphindi zimene yacoka tinsomba tija timene timadikira capafupi timalowa m'cisa n'kuyamba kudya, ndipo mlonda wotopa nthawi zina sabwereranso. Asodzi eniake amatsutsana pa nkhaniyi. Ena amati mazira ndi ambiri ndipo zisa ndi zambiri, conco nyanja siimva kanthu. Ena salola n'komwe kuponya pa cisa. Ife a ku Zambia tili nalo lamulo lotseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba zathu, zimene zimaswa ndi mvula, ziswe mwamtendere, ndipo msodzi wa ku Kafue wopezeka ndi nsomba m'miyezi imeneyo amalandidwa zonse. Ndikuona kuti cimene timafuna kwa munthu wa bwato la mtengo ticifunenso kwa munthu wa boti la injini, ngakhale nsomba yake ili yacilendo.

Mwambo wobweza bass m'madzi unacokeranso ku America. Ray Scott wa ku Alabama, amene anayambitsa bungwe la asodzi a bass lochedwa B.A.S.S. kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anayamba mu 1972 kulimbikitsa kuti pa mipikisano nsomba zisamaphedwe. Kuyambira pamenepo maboti amakhala ndi kathanki ka madzi kosungiramo nsomba zamoyo. Madzulo zimayesedwa pa sikelo n'kubwezedwa m'nyanja. Ndi nzeru yabwino pa mpikisano wa maboti ambiri, pakuti wopanda kutero nyanja ingathe nsomba zikuluzikulu m'zaka zocepa. Koma munthu woima pagombe amaziona mwa mtundu wina. Tsiku lina masana ndinapeza mdala wina atakhala pa thanthwe ndi mtengo wa nsungwi ndi kacitini ka nyongolotsi zenizeni. Nditampatsa moni m'Cishona canga copunduka, anandiyankha m'Cinyanja cosalala. Anabadwira ku minda ya nzimbe, ndipo atate ake anacokera ku Fort Jameson, monga m'mene iye amachulirabe Chipata. Ndinafunsa kuti, "Kodi a madala, inu bass mumaibweza m'madzi?" Anaseka nati, "Bambo, yogwira n'kuijambula n'kuitaya ndi nsomba ya anthu okhuta. Ine adzukulu akundidikira ndi nsima." Anandionetsa ziwiri zimene anagwira pamodzi ndi mlamba umodzi, nati mnofu wake ndi woyera, minga ndi yocepa, ndipo ana amaikonda yokazinga.

Sindinapeze comutsutsa. Nyanjayi ili m'manja mwa a boma oyang'anira nkhalango ndi nyama, ndipo kuwedza kumafuna cilolezo colipira, maukonde ndiye amaloledwa kwa okhawo amene ali ndi mapepala. Malamulowo ali ndi cifukwa cake, pakuti ukonde wa maso ang'onoang'ono wochera m'malo oswera nsomba umasesa ana ndi amai omwe. Komatu mwini boti amalipira cilolezo ndi ndalama yosakwana mtengo wa nyambo zake ziwiri, pamene kwa munthu wa m'midzi yozungulira ndalama yomweyo ndi ya sukulu ya mwana. Alendo a maboti amabweretsa nchito m'mahotela ndi m'misasa, zimenezo n'zoona. Ndipo n'zoonanso kuti zigwa zimene zinamira mu 1960 zinali dziko louma limene anthu ankayendamo ndi miyendo.

Palinso mlandu wina umene nsombayi ili nao, ndipo uwu ndi waukulu. Akatswiri a zacilengedwe anaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikatengedwa kwao n'kuikidwa kwa eni. Ikalowa m'mtsinje wa madzi oyera, tinsomba tamakolo tonga matemba, timene sitinaphunzire kuithawa, timatha msanga. Ku Guatemala anaiika m'nyanja ya Atitlán mu 1958 pofuna kukopa alendo. Inadya nkhanu ndi tinsomba timene mbalame ina yosauluka ya m'nyanjamo inkadalira, inadyanso anapiye ake, ndipo pamodzi ndi mavuto ena monga kudula bango ndi kutsika kwa madzi, mbalameyo inatheratu pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ku Japan, pa nyanja ya Biwa pomwe paja, lamulo la mu 2003 limaletsa kubweza bass m'madzi, ndipo m'magombe muli mabokosi otayamo zogwidwa. Taonani nanga: cimene ku Alabama ndi ulemu, ku Biwa ndi kuswa lamulo, ndipo mdala wa pa thanthwe uja akanakhala ku Japan akanayamikiridwa. Ifenso nkhani zotere timazidziwa. Kapenta wa ku Kariba anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo lero ndi ndiwo ya nyumba iliyonse. Koma nkhanu za ku Australia zija za zala zofiira, zimene zafalikira mu Kafue ndi mu Kariba, zimadya nsomba zili m'maukonde ndipo asodzi akulira nazo. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero, koma kalumoko nthawi zina kamameta mwini nyumba. Pa damu yomangidwa ndi anthu ngati Mutirikwi mlanduwu umapepukirapo. Coopsa ndi munthu wonyamula tiana ta bass m'ndowa kukathira m'dziwe la pa famu lake, limene likasefukira limathira mumtsinje.

Pa matanthwe onse a m'nyanjayi pali mzera woyererako, ndipo pansi pake pali mizera ina, umboni wa pamene madzi anafika zaka zosiyanasiyana. Owerenga acikulire akukumbukira cilala ca 1992, caka cimene tinadya nsima ya cimanga cacikasu. Caka cimeneco Mutirikwi anatsala pang'ono kuphwa. Maboti anagona pa matope ong'aluka, nzimbe za ku cigwa zinauma, anchito ambiri anakhala opanda nchito, ndipo Zimbabwe inagula shuga kunja. Pofuna kuti zotere zisabwerezeke, boma linamanga damu ina yaikulu kuposa iyi pa mitsinje ya Tugwi ndi Mukosi, imene inatsegulidwa mu 2017 nilanda Mutirikwi ulemu wokhala nyanja yaikulu kopambana mkati mwa dzikolo. Nayonso inali ndi mtengo wake: mu 2014, isanathe n'komwe, madzi anasefukira m'midzi ya kumtunda kwake ndipo mabanja zikwi zingapo anasamutsidwira ku msasa wa Chingwizi.

Ngakhale m'caka cabwino, nyengo imene bass imamanga zisa ndi yomweyo imene nzimbe zili ndi ludzu, ndiponso mzinda wa Masvingo umamwa m'nyanja yomweyi. Madzi amatsegulidwa pa cipupa, natsika ndi mtsinje kupita ku damu ya Bangala ndi kungalande za m'minda, ndipo gombe limabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Cisa cimene cinamangidwa posaya kwambiri cimatha kutsala poyera, pamene akakowa ndi mbalame zina zimaciona mosavuta. Amene afuna kukaona zimenezi ndi maso ao ayende m'mphepete mwa gombe m'mawa mphepo isanayambe, ayang'ane timabwalo toyera pansi pa madzi pafupi ndi zitsa, koma asalowe m'madzimo, pakuti muli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Pofika pakati pa Okutobala, masamba a msasa atabiriwira ndipo dzuwa likuswa mtengo, zisa zambiri zimakhala zopanda mwini. Tiana tija timabalalika kukabisala m'maudzu, mlonda uja amayambanso kudya, ndipo kamene kacedwa kuthawa amakameza ngakhale kali kake. Nsomba zikuluzikulu zimabwerera pakuya kumene madzi ali ozizira, ndipo maboti amazitsatira komweko.